Nkhani ya 60,000 ya pool ija titheretu lero

Telala: Mwaswera bwanji nonse. Pepani ndilankhula pompano chifukwa Lamulungu lija munandidula pakamwa mkumati nthawi yatha. A Tcheya, ine ndalama mwalemba pa dzina langa zija sindikuzidziwa ndipo sindipereka ndekha. Amene tinatengera limodzi ndalamazo ali m'gulu momuno, akuwerenga, timizere tabuluu tikuoneka.

Tcheya: Buku limadziwa amene anasaina basi. Munatenga 60,000, miyezi iwiri pa 20 peresenti ndi 86,400, kuchotsa 20,000 munabweretsa ija yatsala 66,400. Chindapusa cha misonkhano iwiri munajomba 2,000. Zonse 68,400.

Msungichuma: A Tcheya pamenepo ayi. 20,000 ija inalowa kutha kwa mwezi woyamba, ndinalandira ndine. 60,000 kuika 12,000 ndi 72,000, kuchotsa 20,000 yatsala 52,000, nde intelesiti ya mwezi wachiwiri ikhale pa 52,000 yo, ndi 10,400. Ikubwera 62,400 osati 66,400

Tcheya: Inalowa mochedwa

Msungichuma: Inalowa Lolemba m'mawa chifukwa Lamulungu lake bokosi silinatsegulidwe, kiyi mmodzi kunalibe. Limenelo si vuto la a Telala

Mayi Makiyi: Musanditchule chonde ndinali kuchipatala ndi mwana ndipo ndinanena

Telala: Mwaonatu. 4,000 yangomera yokha ngati bowa. Koma ine nkhani yanga si 4,000 yo, nkhani yanga ndi alamu anga. Alamu tulukani tikambe

Mamanzere: Ndilipo alamu, sindinathawe. Ndimangodikira mumalize kulalata

Telala: Kulalata? Ndani anabwera kwanga usiku mkumati alamu tengani ngongole ku gulu ine dzina langa lili ndi ngongole kale sangandipatse, tikalowe mpikisano tonse awiri, chilichonse chingatuluke tigawana pakati? Ndinu kapena si inu?

Mamanzere: Ndine. Ndipo ndinakupatsani 20,000 imene mukuitchulayo, inachokera mthumba mwa ndani?

Telala: Wachiwiri amalandira 50,000. Theka la 50,000 ndi 20,000 kusukulu yanji? Ndipo ngongoleyo mesa ndi ya tonse

Tcheya: Dikirani kaye. A Telala pa fomu munalemba kuti mukukaoda nsalu za mayunifomu. Pool yabwera bwanji apa?

Telala: A Tcheya musadzipange ngati simumadziwa, tsiku la fainolo munali komweko mwakhala pa benchi yakutsogolo

Tcheya: Ndinali kukaonera ngati wina aliyense. Sindinadziwe kuti ndikuonera ndalama za gulu. Lamulo nambala 7 mukulidziwa nonse

Mayi Makiyi: Eee nambala 7 yo ikugwira ntchito lero? Chaka chatha ija inali patchuthi?

Gogo: Ana inu tayambani mwamva mbali zonse

Mamanzere: Zikomo Gogo. Ine ndifotokoze bwinobwino chifukwa mwezi wonse uno ndikuyenda ngati wakuba, ndikangolowa pa tebulo anyamata akumati wabwera wogulitsa gemu, ndipo mawu amenewo anayambitsa ndi alamu angawa. Pa 60,000 ija 20,000 inali yolowera anthu awiri, 10,000 aliyense. Alamu anatuluka mu kota, anawachotsa ndi kamnyamata kaja kovala kapu, 3 kwa 0, sanamwetse ngakhale mipira inayi gemu yomaliza, ine sindinanene kuti agulitsa. Ine ndinamenya semi mpaka kufika fainolo. Tsopano fainolo anaisamutsira pa tebulo lapakona lija loti aliyense amene amasewera pamenepo akudziwa kuti ndi lopendekeka, mpira ukaumenya pang'onopang'ono umakhotera wokha ku poketi yakumanja, kushoni yakumtunda inafa kalekale ukamenya mpira umangogona pompo osabwerera. Nsalu anaisoka pakati, mpira ukadutsa pamsokopo umadumpha. Ndinadandaula kwa lefa tisanayambe, anthu anamva. Komanso mpira woyera anabweretsa wina waukulu, pamene ife tinazolowera waung'ono uja wa matebulo a tokeni umene umatuluka wokha kumbali ukagwa, nde kulemera kwake ndi kosiyana, ukaumenya pansi kuti ubwerere sumabwerera mofanana. Kuonjezera apo malamulo anasintha pakatikati, m'magemu oyamba faulo inali mashoti awiri, kufika fainolo akuti shoti imodzi yaulere basi. Munthu mutu umasokonezeka. Ine ndinayamba kusewera 9 koloko m'mawa, fainolo inayamba mdima utagwa, babu limodzi lokha pamwamba pa tebulo, nsana ukuwawa. Nde munthu akaphonya mukuti wagulitsa?

Telala: Simunaphonye alamu. Mukanaphonya bwenzi ndili chete. Munatsogola 2 kwa 0 pa tebulo lomwelo lopendekekalo, woyera yemweyo wolemerayo, babu lomwelo. Kenako 2 kwa 1, 2 kwa 2. Gemu yomaliza mayelo anu onse 7 mwamwetsa, mnzanuyo watsala ndi maredi atatu pa tebulo, wakuda uli pakamwa pa poketi woti ngakhale mwana wa sitandade 2 amwetsa. Inu zaka zonsezi mukusewera simudziwa kuti mpira wa pakamwa umamenya woyera pansi kuti uime? Munamenya pamwamba ndi mphamvu, woyera mkutsatira wakuda kulowa limodzi. Gemu yathera pompo. Holo yonse inangoti zii kenako anthu mkuyamba kuseka

Mamanzere: Tipu inaterereka

Telala: Munapaka choko kawiri ndikuona

Wa Kabaza: kkkkk koma shoti imene ija ngakhale ine ndinagwira kumutu

Mamanzere: Iwe usalowerere, sunagwirepo ndodo chibadwire

Wa Kabaza: Ndodo sindinagwirepo koma masheya anga ali mu 60,000 mo aise

Mlembi: Funso langa ndi loti 40,000 yotsalayo inapita kuti? Mwangotchula 20,000 yolowera

Telala: Ndinabetcha pa fainolo. Pa alamu angawa. Sindibisa

Tcheya: Mwamva nonse. Ndalama za gulu kukabetchera

Mamanzere: Ndipo ndinakuuzani alamu musabetche. Ndinakukokerani pambali panja paja ndinati 40,000 yo isungeni. Munandimvera?

Telala: Eya munandiuza. Nde lero mundiuze pamaso pa gulu, munadziwa bwanji kuti ndisabetche? Semi munandiuza nokha kuti ikani ndalama alamu uyu ndimudya, ine mkuopa. Kufika fainolo, munthu woti mwamugonjetsa kangapo konse pa tebulo la tokeni, mukuti musabetche. Ine ndimayesa ndi mantha chabe

Mamanzere: Ndimaona mmene thupi langa linalili

Mayi Makiyi: Ine za pool sindizidziwa koma pamenepa pakununkha

Gogo: Mawu amenewo ayi mayi

Mayi Makiyi: Pepani Gogo koma ifetu timavutika. Ine mwana atagonekedwa ndinapempha 10,000 ya sosho munandiuza kuti dikirani komiti ikhale, ndinadikira masiku 9. Anthu a pool 60,000 tsiku lomwelo. Ndipo chindapusa cha kiyi munandidula 1,000 ndili kuchipatala

Tcheya: Ya sosho ndi nkhani ina mayi

Mayi Makiyi: Kwa inu zonse ndi nkhani ina

Mamanzere: Alamu chimene chikukupwetekani ine ndikuchidziwa ndipo si ndalama. Ndi za chaka chatha. Munandichotsa mu semi ndi faulo yabodza mkumati malaya anga akhudza mpira, lefa sanaone, munakuwa ndinu nokha mpaka anakupatsani mashoti awiri. Ine ndinakhala chete chifukwa cha achemwali anu kunyumba. Anthu akhala akunena kuti chikho chija munatenga ndi pakamwa osati ndi ndodo, nde chaka chino mwatuluka mu kota ine mkufika fainolo, mtima wakuwawani

Telala: Malaya anakhudza ndipo mpira unasuntha. Nanga ndodo yanga ya zidutswa ziwiri ija munabwereka mkubweza itapindika, tipu itachoka, ndinakulipiritsani? Munati munaiiwala padzuwa. Ndodo imaiwalidwa padzuwa ngati chinangwa?

Mamanzere: Inali yopindika kale, igubuduzeni pa tebulo muone

Telala: Panopa ndi yopindika inde chifukwa munaipinda ndinu

Mlembi: Abale ndodo sili m'buku

Wa Kabaza: Ine ndingonena zimene ndinaona poti ndinanyamula wopambana uja kumubweza. Tisananyamuke anaitana a Mamanzere kuseri kwa holo, anawerengerana ndalama pamenepo. Sindinawerenge nawo koma sizinali zochepa

Mamanzere: Iwe ukufuna chani kwa ine?

Telala: Yankhani alamu

Mamanzere: Zimenezo zimachitika paliponse, funsani aliyense wosewera. Anthu awiri mukafika fainolo mumatha kugwirizana kuti mphoto yoyamba ndi yachiwiri tiphatikize tigawane pakati, kuti wina asapite kunyumba akulira chifukwa cha mpira umodzi. Kumeneko si kugulitsa gemu. Gemu mumasewerabe yeniyeni, chikho chimapita kwa wopambana. Ine wakuda uja sindinachite dala, ndikulumbira

Msungichuma: Dikirani. Yoyamba inali zingati?

Wa Kabaza: 150,000

Msungichuma: 150,000 kuika 50,000 ndi 200,000. Pakati ndi 100,000 aliyense. Ndiye kuti a Mamanzere munabwera ndi 100,000 osati 50,000

Telala: Ambuye wanga

Telala: 100,000 alamu? Ine mkundipatsa 20,000 mkumati zinazo ndalipira matokeni a pulakatisi ndi ngongole ya choko? Ndinakhala pakhonde panu mpaka usiku mukundiwerengera timapepala ngati mukundichitira chifundo. Theka langa ndi 50,000. Ndipo munalowa fainolo mukudziwa kuti kaya muwine kaya muluze 100,000 ndi yanu, ine 40,000 ili pamutu panu, inu osandiuza chifukwa chake, kungoti musabetche basi

Mamanzere: Mgwirizano wathu unali pa mphoto yolengezedwa. Za kuseri zinali nzeru zanga

Mayi Makiyi: Hiii

Wa Kabaza: Nzeru zanu pa ndalama yolowera ya gulu kkkk

Gogo: Mwana wanga pamenepo walakwa. Ndinakuikira umboni ine pa ngongole yako yoyamba ija

Mamanzere: Gogo inu simukudziwa mmene zimakhalira kumatebulo. Alamu akanadziwa za kugawanako bwenzi atalengeza holo yonse, pakamwa pawo mukupadziwa, okonza mpikisano akanatichotsa tonse awiri osalandira kalikonse. Nde ndikanatani? Ndinawachenjeza mmene ndikanathera. 40,000 anataya okha ndi dyera lawo

Telala: Dyera langa? Ine ndimakhulupirira mlamu wanga

Tcheya: Tamverani. Kaya 100,000 kaya 50,000 gulu silinabwereke a Mamanzere. Ine ndikufuna 68,400 kwa a Telala pofika Lamulungu, apo ayi tidula ku masheya awo pogawana, ndipo za nambala 7 tikambirana

Msungichuma: 64,400 a Tcheya. 62,400 ndi chindapusa 2,000. Ine 68,400 sindilemba

Tcheya: Tcheya ndine kapena inu?

Msungichuma: Ndinu, koma masamu alibe tcheya. Ndipo poti mwayamba, 15,000 ya mwezi wa 4 ija munati mwasunga kunyumba chifukwa bokosi linadzaza makoini, inalowa liti m'buku? Ine sindinaione

Tcheya: Imeneyo ndinafotokoza kale

Mlembi: Mu maminitsi mulibe

Telala: Msonkhano umodzi mwa iwiri mukundilipiritsayo ndinatumiza uthenga kwa a Mlembi kuti ndili ndi maoda. Nde 1,000 ichoke. Ndipo ine ndikunena pano, ndipereka theka la 62,400 lomwe ndi 31,200, linalo mukatenge kwa alamu. Masheya awo ali m'bokosi momwemo, dulani kumeneko

Tcheya: Masheya awo ndi chikole cha ngongole yawo ina. Sitingadule kawiri

Telala: Nde agulitse ndodo yatsopano agula sabata yatha ija. Eya alamu ndinaiona, ya kachikwama kake. Ndimadabwa kuti munthu wa 30,000 waigula bwanji

Mamanzere: Za m'nyumba mwanga zisakukhudzeni

Telala: M'nyumba mwanumo muli mchemwali wanga

Gogo: Basi basi. Za banja musazibweretse muno. Mubwere nonse awiri kwanga mawa madzulo

Telala: Ine ndibwera Gogo. Koma abwere ndi 30,000 yotsala pa theka langa, za ngongole tikambe pambuyo

Wa Kabaza: Komanso mpikisano wa mwezi wamawa uja mwalembetsa mapeya awiriawiri, inu ndi alamu anu muli timu imodzi pa pepala lija. Zikhala bwanji?

Telala: Afufute dzina langa

Mlembi: A Mamanzere mawa mubwera kwa Gogo?

Mlembi: A Mamanzere?

Mayi Makiyi: Awerenga. Ali online

Mlembi: Nde m'buku ndilembe ziti, 68,400 kapena 64,400 kapena 63,400? A Tcheya?

Mayi Makiyi: Ndipo 1,000 yanga ya kiyi ija mundibwezere poti aliyense akudandaula zake