Zija ndinafunsa za app yolembera zakudya za m'nyumba

Mwezi watha ndinafunsa ngati pali app yondithandiza kudziwa zomwe zatsala m'nyumba, poti ndinkangogula mchere wina pamwamba pa unzake pomwe shuga adatha kalekale. Ambiri munandilozera Google Keep, ena munati ndizingodzilembera uthenga pa WhatsApp. Zonse ndayesa.

WhatsApp ndinaisiya sabata yoyamba yomwe, chifukwa ukagula chinthu palibe pochonga.

Keep ndiye yandigwira mtima. Ndinapanga mindandanda iwiri, wina wa zogula, wina wa zomwe zili m'nyumba: ufa, nyemba, mafuta ophikira, usipa wouma. Ukachonga kabokosi, chinthucho chimatsikira pansi, ndipo chikathanso umangochotsa chongacho n'kubwerera pamwamba, osalembanso. Imatsegukanso ngakhale ulibe bandulo, zomwe zimandipulumutsa ndikakhala pakati pa msika pa Kamuzu Road.

Koma apa m'pamene tinapunthwa. Mndandanda wa zogula ndinagawana ndi bambo a kunyumba kuno. Lachiwiri ndinagula mpunga makilogalamu 5 n'kuchonga, koma iwo data inali itawathera, ndiye pafoni pawo sipanasinthe kanthu. Madzulo ndikuwaona akutsika pa kabaza ndi jumbo ina ya mpunga, akumwetulira ngati achita zazikulu. Panopa timayamba taimbirana.

Anankafumbwe okha app siwaona. Nyemba zinkaoneka kuti zilipo pafoni, kutsegula ndowa n'kupeza zabooka zonse. Tsopano pambali pa dzina la chinthu ndimalembapo tsiku lomwe ndinachigula.