Zoonjezera pa funso la nyumba yogundana ndi manda ku Kasungu

Sabata yatha mayi wina anafunsa ngati n'kwanzeru kugula nyumba yotchipa yogundana ndi manda kunja kwa tauni ya Kasungu. Tinayankha kuti chofunika kuchenjera nacho ndi malire komanso madzi. Nazi zina zomwe tinazisiya.

Mayi, musanapereke ndalama, pemphani a nyakwawa ndi adzukulu adzaloze okha pamene manda athera. Manda amakula, ndipo mitumbira yakale imafafanizika moti munthu amadzaizindikira akukumba maziko. Malirewo alembedwe m'kalata yogulitsirana, a mfumu adinde chidindo, kenako mudzale khonje kapena muike zikhomo za simenti.

Za madzi musachite nazo chibwana. Chitsime cha madzi akumwa chitalikirane ndi manda mamita osachepera 250, makamaka ngati nyumbayo ili kumunsi, chifukwa pa dothi lamchenga madzi a mvula amalowa pansi msanga. Poloti ikachepa, lumikizani mpopi wa Central Region Water Board.

Funsaninso ngati mandawo ndi dambwe. Kumene kumatulukira gule wamkulu, osameta saloledwa kuyandikirako, ndipo ana akasocherera komweko ndi mlandu kwa a mfumu. Mitengo ya kumanda musadule, ngakhale nthambi itagwera pabwalo panu. Kauzeni adzukulu kaye.