Nsanja yazima kumpoto kwa Macomia, dizilo sakufika

Wa ku Angonia: Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Ndili ku Pemba, ndimayang'anira nsanja zingapo za netiweki ya mafoni ku Cabo Delgado, chigawo cha kumpoto kwa Mozambique komwe kuli nkhondo ya zigawenga. Imodzi kumpoto kwa Macomia yazima kuyambira Lachiwiri. Dizilo watha mu jenereta, ndipo woyendetsa thanki wakaniratu kudutsa msewu wa N380. Sindikumuda, ali ndi ana. Koma mudzi wonsewo umadalira nsanja imeneyi.

Bambo Phiri: Pepani achimwene. Musanaganize za dizilo, mwatsimikiza kuti vuto lili pa nsanjayo? Ngati imalandira kudzera pa microwave, mafunde a wailesi ochoka nsanja ina kupita ina, nsanja ya pakati ikafa, zonse za kutsogolo zimaoneka ngati zafa.

Wa ku Angonia: Ndaona bambo. Ya pakati ili bwino. Alamu yomaliza inali ya mabatire kutsika, kenako zii.

Mayi Nabanda: Ndiye sola ilipo koma zipangizo za pansanjapo zikuilemera. Nsanjayo ikadzuka masana dzuwa likawomba, lowani msanga pakompyuta muli ku Pemba komweko, muzimitse 4G ndi 3G, musiye 2G yokha pa mafunde a 900 MHz. Imadya magetsi ochepa, imafika kutali, ndipo kuimba, SMS ndi ndalama za pafoni zimayenda. Mayi wothawa nkhondo safuna Facebook, akufuna kuuza mwana wake kuti ali moyo ndi kulandira kangachepe kogulira ufa. Usiku muziisiya ipume kuti mabatire asafe.

Bambo Phiri: Zoona mayi. Ndiwonjezere ichi, chifukwa chimandiwawa. Musatume mnyamata pa njinga yamoto ndi zigubu. Kumalo kopanda boma, munthu wonyamula mafuta ndi zingwe, zigawenga zimamuona ngati kazitape, asilikali nawo amati akudyetsa adani. Kumbukirani pamene zigawenga zinaukira tauni ya Palma pa 24 Malichi 2021, mafoni anaduka tsiku lomwelo la chiwembu. Tauni ya Mocímboa da Praia inakhala m'manja mwa zigawenga kuyambira Ogasiti 2020 mpaka asilikali a Rwanda ndi Mozambique ataitenganso mu Ogasiti 2021. Nsanja kumeneko si chitsulo wamba, aliyense amaiyang'ana.

Wa ku Angonia: Ndamva bambo. Mlonda wathu ndi mkulu wa m'mudzi momwemo. Nthawi yomaliza anandiimbira atakwera pachulu, mawu akudukaduka, akuti mapanelo adzaza fumbi.

Mayi Nabanda: Ikangodzuka, mumuuze awapukute ndi nsalu yonyowa m'mamawa, ngati kuli bata. Kukavuta athawe, asadandaule za mapanelo.

Wa ku Angonia: Yadzuka cha m'ma 11 koloko! Ndazimitsa 4G ndi 3G. Mabatire akukwera pang'onopang'ono, ndipo mlonda uja wayankha SMS.