Zimbudzi za ekosani m'mapuloti a lendi: zikutheka?

Nangozo: Moni nonse. Gulu lathu losunga ndalama ku Mgona, mu mzinda wa Lilongwe, likufuna kubwereketsa mamembala ndalama zomangira zimbudzi. Mapuloti adadzaza nyumba, pokumba dzenje latsopano palibe, ndipo dzinja likafika maenje amasefukira. Ena akuti timange za ekosani, zomwe zimasandutsa zonyansa kukhala manyowa, ngati za anzathu a ku Mtandire. Pa puloti ya mabanja asanu ndi limodzi zingagwire?

Bambo a Chikondi: Mayi, zimagwira ngati mwamanga bwino. Chimbudzicho chimakhala ndi zipinda ziwiri za njerwa zowotcha, zomangidwa pamwamba pa nthaka, motero madzi a pansi safikamo. Silabu imalekanitsa mkodzo ndi chimbudzi: mkodzo umatsika m'paipi kupita m'chigubu kapena m'kadzenje ka miyala. Mumagwiritsa chipinda chimodzi, chinacho chili chotseka. Munthu akatha, athiremo dothi louma makapu atatu ndi phulusa kapu imodzi. Chipinda chikadzaza mumachitseka, osachepera miyezi 6, koma chaka chathunthu ndiye bwino chifukwa mazira a njoka za m'mimba safa msanga. Paipi yotulutsa mpweya ikhale ya 110mm, ipitirire denga, pamwamba pake pakhale kawaya koletsa ntchentche.

Mdani wamkulu ndi madzi. Akalowa m'chipinda, fungo limabuka ndipo mphutsi zimayamba. Zitseko zakumbuyo zimatidwe bwino, madzi osamba ndi otawasira apite njira yawo. Paipi ya mkodzo ikakhala yopyapyala kapena yosatsetsereka imatsekeka ndi mchere wa mkodzowo. Muzithiramo madzi otentha nthawi ndi nthawi.

Mayi Gondwe: Za kamangidwe Bambo a Chikondi anena zoona, koma funso lagona pa mabanja asanu ndi limodziwo. Werengani mitu, osati makomo. Anthu akachuluka chipinda chachiwiri chimadzaza choyamba chisanapse, ndiye anthu amafukula zaziwisi, ntchito yonse yapita pachabe. Pa puloti yotere mangani zimbudzi ziwiri, chilichonse ndi kiyi wake ndi mabanja ake odziwika.

Chinanso, alendi amasamuka kawirikawiri. Wobwera kumene palibe womuuza, amataya matewera a ana, mapepala apulasitiki ndi madzi ochapira momwemo. Phulusa nalo limavuta, poti mbaula ya makala imatulutsa lochepa. Kambiranani ndi owotcha njerwa kapena ophika kanyenya, muzisunga m'thumba pouma mvula isanayambe.

Achimwene a Mbewe: Ndiwonjezere za ngongole. Muzimupatsa mwini puloti, chifukwa walendi sangalipire chinthu choti mawa achisiya. Musamupatse ndalama m'manja. Gulu ligule simenti ndi mapaipi, lilipire mmisiri wophunzitsidwa, mwiniyo asonkhe njerwa ndi mchenga kaye kuti muone ngati watsimikiza. Obweza akhale m'timagulu tating'ono, wina akalephera anzake asalandire mpaka atakonza. Bungwe la CCODE, lomwe limathandiza anthu osauka a m'matauni ndipo lagwira ntchito ndi magulu otere kuyambira 2003, lili ndi luso pa zimenezi, ndipo thumba la ndalama za ngongole la maguluwa, lotchedwa Mchenga, limayenda mwa njira yobwereketsa ndi kubweza yomweyi. Kawaoneni musanagule thumba la simenti ngakhale limodzi.

Nangozo: Zikomo nonse. Nanga manyowawo tipita nawo kuti, poti kuno minda kulibe?

Mayi Gondwe: Pezeranitu ogula: a madimba ndi ofesa mitengo kapena maluwa. Wofukula avale magolovesi ndi majombo, ndipo manyowawo akwiriridwe m'nthaka, asawazidwe pa ndiwo zodya zaziwisi.