Ndithandizeni: ndayang'anira ma binoculars chotembenuza

Anzanga, ndili ndi ma binoculars a 8x42 amene ndimaonera mbalame. Dzulo ndinawatembenuza n'kusuzumira kugalasi lalikulu lija. Zonse zinachepa, mtengo wapafupi n'kumaoneka ngati uli kutalitali. Pamenepa ndikumvetsa: amakulitsa zinthu ka 8, ndiye akatembenuzidwa amachepetsanso ka 8.

Koma nditayandikitsa chala kugalasi laling'ono, mizere ya pakhungu inaoneka ikuluikulu. Zikutheka bwanji kuti achepetse zakutali koma n'kukulitsa zapafupi?

Chandidetsa nkhawa n'chakuti nditawalozetsa kowala, ndinaona timaulusi toyera mkati, ngati ukonde wa kangaude. Kodi ndi chuku? Ndingatichotse ndekha, kapena ndikatsegula ndisokoneza ma prism (timagalasi tam'kati tokhotetsa kuwala)? Ndimawakonda kwambiri, sindikufuna kuwaononga. Amene munakumanapo nazo, chonde ndiuzeni.