Malipoti a night mu Chicheki: silný bolest kapena silná bolest?

Wa ku Brno: Anzanga a ukeya kuno ku Czech ndithandizeni, sestra (nesi) wathu wamkulu akumandibwezera lipoti pafupifupi m'mawa uliwonse akuti adjective sakugwirizana ndi dzina. Ine ndimadziwa kuti mawu othera consonant ndi achimuna ndiye ndimalemba silný bolest (ululu waukulu), iwo akuti ayi ndi silná. Nanga munthu ungadziwe bwanji?

Achemwali a ku Ostrava: Eee mlongo wanga lamulo lija limagwira pa tlak, kotník, žaludek, koma mawu ambiri othera -ost ndi achikazi, bolest, nevolnost, kost. Palinso krev, noc ndi postel, achikazinso, amenewo ungoloweza basi palibe njira ina. Ndiye silná bolest, čistá postel, koma vysoký tlak.

Wa ku Brno: Nanga mbali za thupi? Pamenepo ndiye mutu umandizungulira

Achemwali a ku Ostrava: levá ruka, levá noha, levý kotník, levé koleno, pravé oko. Othera -o ngati koleno, oko, ucho, břicho ali mgulu lachitatu, si achimuna si achikazi, adjective wake amathera -é. Zili ngati kwathu komwe, sunganene mwendo chachikulu, khutu lako lomwe limakana.

Bambo wa ku Plzeň: Ndiwonjezere achemwali. Horní, dolní, akutní, noční sasintha kaya dzina ndi lachimuna kaya lachikazi bola likhale mu case yoyamba, mmene liwu limalembedwera mu dikishonale, akutní bolest, akutní stav, zimenezi zimapulumutsa usiku ukatopa. Koma chenjerani pa anthu, pacient je unavený, pacientka je unavená, ndipo verebu nayo imatsatira, spal ndi spala, kunena kuti anagona, mwamuna ndi mkazi. Adokotala akawerenga spal pa bedi la agogo aakazi amayamba kukayika ngati lipotilo ndi la munthu ameneyo, nkhani yake si ya galamala chabe.

Wa ku Brno: Akakhala ambiri?

Bambo wa ku Plzeň: Amuna amoyo ali ndi zawo, noví pacienti, koma nové léky, nové pacientky. Mukakayika lowani pa Internetová jazyková příručka, webusaiti ya Ústav pro jazyk český, bungwe loona za Chicheki, ndi yaulere, mukalemba liwu imakuuzani rod wake, ndiye kuti gulu lake, m lachimuna, ž lachikazi kapena s lachitatu lija.

Achemwali a ku Ostrava: Lemba mawu a muwodi mwanu pa kapepala, lililonse ndi ten (lachimuna), ta (lachikazi) kapena to (lachitatu) kutsogolo kwake, ta bolest, to koleno, ten tlak, uike m'thumba la yunifolomu. Ukawatumizanso muno ndikuchongera usanalowe night ya mawa.