Agogo anamenya nkhondo ku Burma, ndiyambire pati kufufuza gulu lawo?

Mdzukulu_waKatete:

Abale muli bwanji, pepani nkhani yanga ndi yotalikirapo koma ndiyesa kudula. Ine ndimakhala kuno ku Chilenje koma kwathu ndi ku Katete. Mwezi wathawu tinapita kumudzi kukamanga chiliza cha ambuya obereka amayi anga, ndiye titamaliza zonse amayi aang'ono anatulutsa chibokosi chachitsulo chija chinkakhala pansi pa bedi, chimene ife tili ana tinkaletsedwa ngakhale kuchikhudza. Mkatimo tinapezamo mamendulo atatu, chithunzi chimodzi cha agogo aamuna atavala kabudula wa khaki ndi chipewa chopinda mbali imodzi, komanso kapepala kamene chiswe chinadya theka, moti pa nambala yawo ya usilikali patsala manambala atatu chabe akumapeto.

Agogowo anamwalira ine ndili giledi 3, chimene ndimakumbuka ndi choti ankadana ndi mpunga koopsa, ati ndinadya wokwanira moyo wanga wonse ku Bama. Akalawa ka kachasu ankatifoletsa adzukulu tonse pabwalo, lefuti laiti lefuti laiti, wasokoneza mwendo walandira mbama. Amayi amangoti anapita ku nkhondo ya Hitler basi, koma ine powerenga ndapeza kuti ku Burma ankamenyana ndi ma Japan osati Ajeremani, ndiye mutu wanga wangozungulira.

Ndikufuna kudziwa gulu limene analimo, analowa liti, anadutsa kuti. Dzina lawo ndalisaka pa Google mpaka bandulo kutha, palibe chatuluka. Alipo anafufuzapo zotere? Ndipite ku kampu ya asilikali ya Arakan Barracks kapena ku archives, nanga munthu wamba ngati ine amandilola kulowa?

Mphunzitsi_wopuma:

Mwana wanga wachita bwino kufunsa amayi ako ndi ang'ono awo adakali moyo. Ine ndinaphunzitsa history zaka zambiri ndisanapume, ndiye ndikuuze zimene ndikudziwa.

Choyamba usiye kusaka dzina, saka gulu. Anyamata a dziko lino ambiri ankalowa Northern Rhodesia Regiment, mwachidule NRR, imene inapangidwa mu 1933 kuchokera ku nthambi ya usilikali ya apolisi a nthawi imeneyo. Nkhondo itavuta gululi linakula nkukhala mabataliyoni angapo, ndipo bataliyoni iliyonse inayenda njira yakeyake, ndiye ukadziwa bataliyoni wadziwa ulendo wonse wa agogo. Bataliyoni yoyamba inamenya nkhondo ndi Mataliyana pa Tug Argan ku British Somaliland mu August 1940, Mataliyana anali ochuluka zedi moti anyamata athu anabwerera mpaka padoko la Berbera nkuwoloka pa sitima kupita ku Aden. Kenako anamenyanso ku Ethiopia mu 1941, uko akuluakulu ankakutchula kuti Abisiniya, kuchoka apo Ceylon imene lero amati Sri Lanka, ndiye mu 1944 analowa mu Burma pansi pa 11th East African Division, kutsika chigwa cha Kabaw mvula ili pakati, matope ofika m'mawondo, malungo akugwetsa anthu osasiyana ndi zipolopolo, mpaka kukafika pa Kalewa m'mbali mwa mtsinje wa Chindwin kumayambiriro kwa December 1944. Bataliyoni yachitatu njira yake ndi ina, iyo inapita ku Madagascar mu 1942, pambuyo pake ku Burma mbali ya kunyanja yotchedwa Arakan, pansi pa 22nd East African Brigade.

Koma chenjera apa. Iwe ndiwe wa kummawa, ndipo kale malire a Fort Jameson (Chipata ya lero) ndi Nyasaland (Malawi ya lero) anthu ankangowoloka ngati akupita kudimba, ena analembetsa usilikali ku Nyasaland mu King's African Rifles, ija amati Keyala, imene likulu lake kumeneko linali ku Zomba. Komanso si onse anali ogwira mfuti kutsogolo, ena anali madalaivala, ena onyamula odwala, ena a zamawaya, amenewa magulu awo anali ena. Ndiye usafulumire kunena kuti agogo anali a NRR chifukwa choti kwawo ndi ku Katete.

Ku National Archives of Zambia pita, ili pa Government Road ku Ridgeway konkuno, munthu wamba amalowa, tenga chiphaso chako cha NRC ndi kandalama pang'ono. Funsa ma district notebook a chigawo cha kwanu ndi mafayilo a za kulemba asilikali nthawi ya nkhondo, chifukwa ntchito yolemba anyamata inkadutsa mwa a DC ndi mafumu. Funsanso buku limene analisonkhanitsa W.V. Brelsford lonena za mbiri ya Northern Rhodesia Regiment, linatuluka mu 1954, limalondola bwino mayendedwe a mabataliyoni ngakhale maina ambiri mmenemo ndi a azungu.

Kondakita_waChawama:

Ah amdala mwanitsegula maso. Ine daily nipita pa Burma Road na pa Arakan Barracks kukuwa chabe "town town" osaziba ati ni maina ya nkhondo. Manje ma barracks a Tug Argan na Kalewa ku Ndola, Chindwin na Kohima ku Kabwe, Gondar ku Chipata, nishi konse uku agogo athu anamenyako? Ku sukulu sanatiuzeko izi, or mwina ninali nagona.

Mphunzitsi_wopuma:

Sunagone wekha mphwanga, silabasi yake inkathamangira za ku Ulaya. Maina amenewo ndi a malo a nkhondo ndithu. Gondar ndi mzinda wa ku Ethiopia kumene Mataliyana omalizira anagonjera mu November 1941, uwonjezerepo Taung Up ya ku Mufulira, dzinalo ndi la malo a ku Arakan komweko. Koma Kohima ndi ina, ili ku India, nkhondo yake inachitika kuyambira April mpaka June 1944 divishoni ya anthu athu isanalowe, anamenya kumeneko ndi asilikali a Britain ndi India. Ndiye dzina la kampu lisakhale umboni woti agogo a munthu anapondako.

Nesi_kuLondon:

Achimwene a ku Katete, ine ndinayenda kale njira imeneyi chifukwa cha agogo anga a ku Petauke, ndiye ndikuuzeni chilungamo kuti musadzakhumudwe ngati mmene ndinakhumudwira ine.

Gulu lililonse la asilikali a Britain linkalemba buku la tsiku ndi tsiku, amati war diary, ndipo mabukuwa ali ku The National Archives ku Kew kuno ku London. Anawasanja potengera dera la nkhondo osati dziko la asilikali. Za ku Somaliland ndi Ethiopia muzipeza mu mndandanda wa mafayilo wotchedwa WO 169, za Madagascar mu WO 174, za Ceylon ndi Burma mu WO 172. Katalogu yawo ya pa intaneti imatchedwa Discovery, kusaka ndi kwaulere, mulembe dzina la regiment ndi chaka muona mafayilo akutuluka. Vuto ndi loti mafayilo enieniwo ndi mapepala, munthu afike yekha akawerenge kapena alipire kuti amukopere, ndipo kukopetsa fayilo yonenepa ndalama zake si zamasewera. Ukafika wekha kadi yowerengera amapereka ulere ndipo amalola kujambula ndi foni.

Tsiku loyamba ndinapita ndi mtima woti ndikaona dzina la agogo litalembedwa, ndinakhala kuyambira mmawa mpaka kutseka, ayi ndithu. Mzungu wa udindo akavulala olo chala amamulemba dzina lonse ndi udindo wake, koma anthu athu amangoti asikari angapo afa, angapo avulala, nambala chabe ngati akuwerenga mbuzi. Ndinalira m'sitima pobwerera, sindinama. Koma nditabwererako kachiwiri ndinayamba kuwerenga mwa mtundu wina, tsiku lakuti ananyamuka pa msasa wakuti, anayenda mamailosi akuti mvula ikugwa, chakudya chinaponyedwa ndi ndege, nyulu zinakana kuwoloka mtsinje, ndiye ndinazindikira kuti nthano zija agogo ankatiuza pamoto ife nkumaseka kuti akuwonjezera mchere, zambiri zinali zoona. Musadumphe mapepala omata kumapeto kwa mwezi uliwonse, mmenemo nthawi zina mumapezeka maina a anthu akuda, makamaka masajeni, okwezedwa udindo kapena olangidwa.

Zina ziwiri mutha kuchita muli ku Chilenje komweko pa foni. WO 373 ndi ya anthu amene anawavomereza kulandira mendulo za kulimba mtima, imeneyo imasakidwa ndi dzina ndipo ili pa intaneti. Ndiye pali Commonwealth War Graves Commission, bungwe losamala manda a asilikali ofera ku nkhondo, agogo anu simuwapezamo poti anabwerako amoyo, koma ngati ankatchula mnzawo wa pamudzi amene anatsala komweko musakeni iyeyo, chifukwa amalemba nambala, gulu ndi tsiku lomwalira, ndipo anyamata a mudzi umodzi kawirikawiri ankalembetsa limodzi. Ambiri amene manda awo sanapezeke ku Burma maina awo ali pa Rangoon Memorial ku manda a Taukkyan.

Kalembedwe ka dzina nakonso kamapusitsa. Kalaliki ankalemba mmene wamvera, l ndi r kusinthana, ndipo nthawi zambiri ankalemba dzina la munthu ndi la bambo ake osati la mfunda, ndiye inu mukusaka Phiri kapena Banda pomwe m'buku mulibe Phiri aliyense. Agogo anga analembetsa ndi dzina la paubwana limene ngakhale bambo anga sankalidziwa, anatiuza ndi azakhali.

Mdzukulu_waKatete:

Zikomo kwambiri a phunzitsi, nanunso asisi a ku London, nkhani ya mbuzi ija yandipweteka mtima koma bola ndadziwiratu. Ndawatulutsa mamendulo aja ndawayang'anitsitsa, kumbuyo kulibe dzina olo nambala. Awiri ndi a nyenyezi, limodzi ndi lozungulira lili ndi mutu wa mfumu. Nyenyezi imodzi yalembedwa The Burma Star, kansalu kake kofiira pakati, m'mbali bluu wakuda ndi timizere ta olenji, inayo yalembedwa The 1939-1945 Star. Ndaimbiranso amayi aang'ono usiku, akuti agogo asanapite ku Bama anakhalapo pa chilumba china chachikulu, ndipo akakondwa ankapatsa anthu moni woti bonzhuu madamu mpaka ambuya kukwiya. Izi zikuthandizapo kanthu?

Mphunzitsi_wopuma:

Zikuthandiza kwabasi. Kusowa dzina kumbuyo usadabwe nako, mamendulo a nkhondo yachiwiri Britain inkapereka osadinda maina. Lozunguliralo likhoza kukhala War Medal kapena Defence Medal, uwerenge bwino kumbuyo kwake. Koma taona chimene palibe, palibe Africa Star, ija ya kansalu kamtundu wa mchenga kofiira pakati, imene ankalandira omenya ku Somaliland ndi Ethiopia. Ngati sinangotayika, ndiye kuti agogo sanali pa Tug Argan. Amene anapita ku Madagascar sankapatsidwa Africa Star ngakhale chilumbacho timachiwerengera ku Africa, ndipo moni wa bonzhuu ndi wa Chifalansa, Madagascar inali m'manja mwa France pomwe Ceylon inali ya Angerezi. Madagascar kenako Burma, ine ndikanayamba ndi bataliyoni yachitatu ya NRR. Sindikulumbira ayi, munthu ankatha kusamutsidwa gulu, komanso a Keyala a ku Nyasaland nawo anali ku Madagascar ndi ku Arakan. Koma poyambira wapapeza.

Mayi_waMatero:

Ine ndingowonjezerako za ukali wa madalawa, chifukwa athunso anali choncho, usiku kudzuka kukuwa, ife nkumati afiti akuwatsata. Anthuwa anabwerako ndi mtima wowawa. Mu 2019 zinatuluka m'manyuzi zochokera m'mapepala a boma la Britain lomwe, kuti ndalama ya zikomo pomaliza nkhondo msilikali wamba wachizungu ankawerengeredwa mashiling'i 10 pa mwezi uliwonse umene anagwira, wakuda wa udindo womwewo mashiling'i 3 ndi hafu. Chipolopolo chimodzimodzi, malungo amodzimodzi. Mdzukulu, mu November pa Sande ya chikumbutso upite pa chiliza chokumbukira asilikali, Cenotaph, paja pa Independence Avenue, pamabwera asilikali opuma ndi a bungwe lawo, utenge chithunzi cha agogo, amene aja baji ya pachipewa amaizindikira msanga kuposa ife.

Nesi_kuLondon:

Za baji ndi zoona, jambulani chipewacho pafupi kuwala kuli bwino. Kapepala kachiswe kaja musakamate ndi selotepu chonde, kaikeni mu envelopu youma. Ine ndili off sabata yachiwiri ya mwezi wamawa, ndikhoza kupita ku Kew ndikakujambulireni war diary ya bataliyoni yachitatu ya 1945, munditumizire ku inbox manambala atatu atsalawo ndi maina onse amene agogo ankadziwika nawo, la ubatizo, la paubwana ndi la bambo awo.

Mdzukulu_waKatete:

Asisi Mulungu akudalitseni, ndatumiza. La paubwana amayi akuti saalidziwa, koma kumudzi kudakali mlongo wawo wa agogo wamng'ono, maso anasiya kuona koma mutu uli bwinobwino, foni samva, ndiye Lachisanu ndikwera basi pa Intercity ndikawafunse pamaso.